Mwana Amene Ankakulira mu Kompyuta

"Ukamaliza kutayipa, kaboni usamataye m'dengu. Uzikaponya pamoto wekha, uime pomwepo mpaka apse." Anandiuza mawu amenewa ndi Mayi Nachisale tsiku langa loyamba pa ntchito, ndisanakhale n'komwe pampando. Ine ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala zolandirira mlendo. Iwo sanaseke. Anatola pepala la kaboni, lakuda lija tinkaika pakati pa mapepala awiri kuti zolemba zituluke pawiri, nalikwezera ku windo. Zonse zimene anatayipa dzulo lake zinali pamenepo, zikuwala ngati njira ya nkhono. "Waona?" anatero. "Iwe uiwala, abwana aiwala. Makina saiwala, komanso sadziwa woyenera kumuuza."

Ana anga, mumanena kuti amayi anu sakhulupirira munthu. Sindikana. Mwakhalanso mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito nthawi yanga isanakwane, thupi lili bwinobwino. Pakamwa ndinkangoti ndinatopa. Apa ndilemba zenizeni.

Kasina, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa mu ofesi ina yaing'ono pafupi ndi mishoni. Pansi panali pa simenti, ndipo mwezi wa Juni kuzizira kunkalowera kumapazi mpaka m'mano. Mayi Nachisale ankaponda pa chiguduli, ine pa katoni. Chilichonse chinali chosowa. Riboni ya makina ikauma tinkaibweza m'mbuyo n'kuidontheza timafuta ta makina osokera kuti inki idzuke. Pepala lolakwika sitinkataya, tinkalidula n'kusoka timabuku. Abwana athu anali munthu wamtali wofatsa, wokonda kunena zoti titayipe akuyendayenda, manja kumbuyo, ndipo akafika pa nkhani ya munthu ankatsitsa mawu ngakhale m'chipindamo tili awiri. Kwa iwo ndinaphunzira kuti zimene munthu wakuuza pa ntchito si zako. Kwa Mayi Nachisale ndinaphunzira kuika tebulo moyang'ana khomo, kuti wolowa ndimuone ine iye asanaone zimene zili pamakina. Mpaka lero m'tchalitchi ndimakhala benchi lomaliza, msana kukhoma.

Kabwazi, m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000

Nditakwatiwa ndi malemu bambo anu tinasamukira ku Kabwazi, komwe ndinapeza malo pa sukulu ina. Ntchito yaikulu inali kutayipa mayeso pa sitensulo n'kupukusa makina osindikizira mpaka phewa kuwawa. Inki ikatha, aphunzitsi ankalemba mafunso pabolodi ana akudikira panja pamphepo. Masitensulo otha ntchito ndinkawamanga m'chitenje n'kukawotchera kunyumba, ndipo bambo anu ankadandaula kuti ndiwo zikununkha jogalafe.

Kompyuta yoyamba ndinaionera kumeneko. Inalibe intaneti. Ndinaikonda, chifukwa ukalakwitsa sumayambiranso tsamba lonse. Koma munthu amene anabwera kudzatiphunzitsa ndinamufunsa kuti, "Mawu amene ndafufutawa apita kuti?" Iye anati, "Afufutika, mayi." Ndinati, "Ndamva, koma apita kuti?" Aphunzitsi onse anaseka, ahedi mpaka kupukuta misozi. Munthu uja anangopitiriza phunziro.

Chimbiya, m'ma 2010

Bambo anu atatisiya, ndinalembedwa ntchito yoyang'anira chipinda cha makompyuta cha kabungwe kena pa Chimbiya, kuseri kwa ogulitsa mbatatesi ndi kabichi. Munkabwera aphunzitsi, anamwino, alimi ofuna kuona mitengo, ndi ofunsira ntchito. Magetsi ankazima nthawi imene akonda, netiweki inkapita chifunga chikatsika m'phiri. Abwana anali a Kamwendo, munthu wonenepa wansangala amene sankadutsa mwana osamupatsa moni. Ankanditcha "a polisi" chifukwa ndinkaletsa anthu kuima kumbuyo kwa mnzawo ali pa kompyuta. Ndinenenso kuti a Kamwendo anali munthu wabwino, kuti zimene zikubwerazi musaziwerenge molakwika.

Chinthu choyamba kundidabwitsa chinali pampu. Mlimi wina anayang'ana pampu yothirira m'dimba, n'kunyamuka kupita kwawo. Wotsatira pampandopo anali namwino wowerenga nkhani za mpira, koma pambali pa nkhaniyo panali pampu ija. Mawa lake inalipo. Sabata inayo inalipo, yasintha mtundu. Ine ndinayesa ndekha: ndinayang'ana nsapato zakuda zopita nazo ku Misa. Nsapato zija zinanditsatira pa tsamba la nkhani, pa tsamba la nyengo, mpaka pa tsamba la mawerengo a tsiku la Mulungu. Ndinauza a Kamwendo. Anati, "Ndi malonda chabe amenewo, a polisi. Mukufuna muwamange?" Ndinasekako nawo, koma kuyambira tsiku limenelo ndikamasesa m'mawa ndinkamva ngati m'chipindamo muli munthu wina amene wafika ine ndisanatsegule.

Chaka cha Esinati

Esinati si dzina lake lenileni. Anali mphunzitsi wachitsikana, wochokera kutali, wokwatiwa kumene m'banja lina la pafupi ndi msika. Amayi ake anamwalira kale, ndipo kuno analibe mbale. Ankakonda kompyuta ya pakona, n'kupotoza sikirini kuti iyang'ane kukhoma. Ine ndinabereka ana anayi, ndinaona kayendedwe kake ndi mmene ankakanira fungo la chipisi cha panja, ndinadziwa kuti ndi woyembekezera. Sindinanene kanthu. Inu amene munakulira m'tauni mwina mwaiwala: kwathu kuno mimba sitchulidwa. Ngakhale ikuoneka, umayang'ana kumbali mpaka amayi akuluakulu atakhala naye pansi mwini wake n'kumulangiza. Zovala za mwana sugula asanabadwe. Amati mimba yotchulidwa msanga imamvedwa ndi makutu osayenera. Tsono Esinati, posowa womufunsa, zimene akanafunsa amayi ake ankafunsa kompyuta. Pa tsamba lina la amayi oyembekezera analembapo dzina lake ndi mwezi umene ankayembekezera kuchira.

Tsiku lina atangotuluka, pampando wake panakhala mlamu wake Felista, mlongo wa mwamuna wake, mkazi wa pakamwa pakuthwa amene ankagwira ntchito ku kopaletivi ya alimi. Anatsegula tsamba la mitengo ya feteleza. M'mbali monse munadzaza matewera, timabeseni, tizipewa ta ubweya.

"Iii! A Nangozo, apa panakhala ndani?" anafunsa mokweza.

"Pamakhala anthu ambiri," ndinayankha.

"Anthu ambiri chiyani, mpando ukadali wofunda uwu! Si alamu anga ndakumana nawo pakhomopa?" Anawomba m'manja n'kutembenuzira sikirini kwa anthu onse. "Taonani kuno! Kompyuta yamva, ife akuchimuna tisanamve!"

Dzuwa lisanapendeke, nkhani inali itafika pa siteji. Mawa lake Esinati akukwera minibasi, kondakitala anakuwa kuti, "Sunthani uko, madamu akhale bwino, alipo awiri awa!" Anthu anaseka. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti anamva ngati amuvula pamsika.

Nyengo yozizira itafika, mimba ija inapita padera itakula kale. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ine ndilibe chifukwa chowatsutsira. Koma kumudzi anati mimba inatchulidwa, ndipo Felista ndi mchimwene wake anasiya kulankhulana. Mwana wotere amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete. Sapatsidwa dzina, salira maliro, ndipo mayi ake amauzidwa kuti asagwetse msozi, aiwale. Aliyense pa Chimbiya anachita monga mwa mwambo: anakhala ngati palibe chinachitika.

Esinati anabweranso m'mawa wina wa chifunga, choti magalimoto pamsewu ankayenda atayatsa nyali. Munalibe munthu wina m'chipindamo. Anati akufuna kutumiza malipoti a kusukulu. Anakhala pakona paja, ndinamva akutayipa pang'ono, kenako zii. Ndinadikira. Zii yemweyo. Ndinaphwanya lamulo langa lomwe, ndinakaima kumbuyo kwake. Pa sikirini panali khanda lonenepa litagona chagada, ndipo pamwamba pake panali mawu a Chingerezi omutchula dzina: Esinati, mwana wanu wayamba kumwetulira.

Sanatembenuke. Anangoti, "Amayi, akukula."

Ndinati, "Madamu, tsekani zimenezo." Anati, "Ayi, musiyeni."

Kuyambira pamenepo ankabwera sabata iliyonse, ndipo malipoti sankatumiza. Ankabwera kudzaona mwana. Makina aja ankawerenga miyezi okha kuchokera pa mwezi umene iye analemba, ndipo panalibe amene anawauza za amayi aja amene anapita kuthengo m'mawa ndi kakhasu kukaika mwanayo. Mwana anayamba kukhala tsonga. Anamera mano, ndipo panabwera malonda a mankhwala opaka m'nkhama. Anayamba kukwawa. Nkhope inkasintha, lero woyera, mawa wakuda, koma msinkhu unali wake ndendende wa mwana amene akanakhalapo. Ngakhale asamukire pa kompyuta ina, akangolowa ndi dzina lake mwana ankamupeza. Ndipo Esinati akachoka, khandalo linkatsala pakona paja, likuyang'ana aliyense wokhalapo. Alimi ena anayamba kukana mpando umenewo osanena chifukwa. Ine pozimitsa makompyuta madzulo ndinkayambira ya pakona, nditayang'ana kumbali.

Esinati anaonda. Mwamuna wake anabwera tsiku lina, chipewa m'manja, nandifunsa kuti, "Amayi, akazi anga amadzatani kuno?" Ndinati, "Za anthu a pa kompyuta sindinena, bambo." Anapita ali wera. Ndinamumvera chisoni, koma sindinamuuze.

Chimene chinandidzutsa ndi nsapato. Esinati anatsegula chikwama kuti atulutse cholembera, ndipo ndinaona tinsapato tofiira ta pa kaunjika, tating'ono ngati chikhatho changa. Anaona kuti ndaona. Anati, "Anena kuti watsala pang'ono kuyenda."

Masana omwewo ndinapita kwa a Chimutu, bambo wachikulire wokonza mafoni ndi mawailesi m'kakontena pafupi ndi siteji. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinangofunsa kuti zithunzi zimene zimatsatira anthu zimachokera kuti. Iwo anaika pansi chowotcherera nati, "Mayi, mukatsegula tsamba limodzi mumaganiza kuti mwalowa m'nyumba imodzi. Koma mwini tsambalo anaitaniratu anthu ena ambirimbiri, ndipo aliyense amatumiza kapulogalamu kake kobisika kuti kadzagwire ntchito mu kompyuta yanuyo. Kena kamaonetsa malonda. Kena kamangoona zimene mukuwerenga, n'kusiya kachizindikiro kuti mukapita pa tsamba lina akudziweni kuti ndinu omwe aja."

"Ndani anawaloleza?"

"Inuyo, potsegula."

"Ine sanandifunse."

"Safunsa. Koma mukhoza kuwakaniza." Anafotokoza kuti mu bulawuza, pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti, munthu akhoza kuikamo chotchingira. Chimakaniza timapulogalamu tachilendo tija, malonda osaoneka, otsatira anthu osalowa, ndipo mwini kompyuta ndi amene amasankha tsamba loti alikhulupirire.

"Nanga wopanga chotchingiracho akudyapo chiyani?" ndinafunsa.

"Ena amangopanga mwaulere."

"Palibe munthu wotero."

A Chimutu anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye chisiyeni, a Nangozo. Khalani ndi alendo anu."

"Ikani. Koma mundisonyeze pozimitsira ndi pochotsera, ndichite ndi manja anga inu mukuona. Tsiku limene chidzayambe kundizonda nachonso, sindikufuna kudzakusakani."

Anabwera Loweruka naika m'makompyuta onse. A Kamwendo anavomera mosavuta atamva kuti bandulo izichedwa kutha. Koma ya pakona ndinawauza a Chimutu kuti aikemo chotchingiracho n'kuchisiya chosayatsa. Ndinalingalira kuti mtsikana uja anthu anamulanda kale zambiri osamufunsa: chinsinsi chake, maliro a mwana wake, ngakhale misozi. Ine sindinafune kukhala wina womulanda.

Atabwera, ndinakoka mpando n'kukhala pambali pake. Mwana anali pa sikirini, ataimirira chogwira tebulo. Ndinati, "Mwana wanga, uyu si wako. Ndi chithunzi cha ogulitsa matewera. Sakudziwa kuti unadwala, ndipo ngakhale atadziwa sangaleke. Adzamupititsa ku sukulu, adzakuuza kuti umugulire yunifolomu. Iwe udzakhala ukubwera pampando uno mpaka liti?" Ndinamusonyeza kachizindikiro kofiira pakona ya bulawuza. "Ukadina apa, apita. Ukafuna kuti abwerere, udinanso pomwepa. Ine sindidina. Ndili panja."

Ndinatuluka n'kukaima pakhonde. Amayi a mbatatesi ankathamangira basi imene inaima, mabeseni pamutu. Ndinaima nthawi yaitali, miyendo mpaka kuzizira. Kenako ndinamva kulira. Sikunali kulira kwa mtsikana wokhumudwa ayi, kunali kulira kwa pamaliro, kuja kochokera m'mimba. Amayi awiri anatula mabeseni n'kuyang'ana kuno. Ndinatseka chitseko n'kuimirira patsogolo pake, ndinawauza kuti netiweki yapita. Nditalowa, pamene panali mwana panali bokosi loyera lopanda kanthu, ndipo Esinati anali atagwira m'mphepete mwa sikirini ndi manja onse awiri. Tinachotsanso dzina lake pa tsamba la oyembekezera lija, tinafufuta tizizindikiro tonse. Tinsapato anandisiyira. Ndinakapereka ku tchalitchi pa zovala za osauka.

Chaka changa chomaliza pa ntchito

Musaganize kuti chotchingira chinabweretsa mtendere wokhawokha. Masamba ena ankatseguka opunduka. Mphunzitsi akufuna kulembetsa maphunziro a kukoleji, batani lotumizira osaoneka. "A polisi, mwamanganso tsamba langa!" Ndinkapita, n'kumusonyeza mololezera tsamba limenelo lokha, akamaliza n'kutsekanso. Ena ankanyinyirika kuti ndikuwachedwetsa. Ena anaphunzira n'kumachita okha, ndipo namwino wina anakaikitsa chotchingira mu foni yake. M'chipindamo munakhala ngati mwachoka anthu amene sitinkawaona. Ndinkasesa m'mawa ndili ndekha zenizeni.

Kenako amene ankatilipirira intaneti anamaliza nthawi yawo n'kupita. Tinakhala miyezi makompyuta atavindikiridwa ndi nsalu, aphunzitsi akukwera minibasi mpaka ku boma kukatumiza kalata imodzi. A Kamwendo anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, ndipo anapeza kampani ina ya mumzinda yoti izitipatsa intaneti yaulere. Malipiro ake anali akuti malonda awo azioneka pa kompyuta iliyonse, ndiponso iwo azidziwa zimene anthu akuwerenga. Tinatsegulanso. Anthu anadzaza.

Pasanapite nthawi a Kamwendo anandiitana mu ofesi mwawo, nkhope ili gwa. "A Nangozo, a kampani aimba. Akuti kwa iwo chipinda chathu chikuoneka chopanda munthu. Akufunsa ngati tinatseka." Kudzera pa windo ndinkaona mipando yonse ili ndi anthu, ena ataima pamzere. Ndinamva kukoma mumtima kuti kuli malo ena kutali kumene anthu onsewa sakuoneka. A Kamwendo sanakondwe. "Ndi chotchingira chanu chija. Chichoke pofika Lolemba."

Ndinapempha kuti munthu aliyense azisankha yekha, wofuna malonda azizimitsa. Anati a kampani akana. Ndinapempha kuti ya pakona yokha itsale. Anati akana, akufuna onse. Kenako anatsitsa mawu. "Mayi, ine sindikonda malonda kuposa inu. Koma taonani anthu awo. Uyo akufunsira ntchito. Uyo mwana wake ali ku Joni, amalankhulana pompano. Tikakana, tivindikiranso nsalu. Chithunzi cha sopo chinapha ndani? Ndipatseni chifukwa chimodzi chomveka, ndikawauze."

Chifukwa ndinali nacho, ndipo chinali chitakhala pakona nthawi yomweyo, chitavala juzi yaikulu kunja kukutentha. Esinati anali woyembekezeranso. Sanandiuze, ndinangoona. Anali atayambanso kufunsa kompyuta mafunso ake, mosamala, chotchingira chili choyaka, ndipo pa Chimbiya ponse panalibe amene ankadziwa. Ndikanangonena mawu awiri, a Kamwendo akanamvetsa, chifukwa nkhani yoyamba ija ankaidziwa. Mwina akanalimbana nawo a kampani. Koma akanauza akazi awo, chifukwa anali munthu wosabisa kanthu kunyumba, ndipo akazi awo ankaimba kwaya limodzi ndi Felista. Ndikanakhala ine wotchula mimba ya mwini.

Ndinati, "Chifukwa ndilibe, abwana."

"Ndiye ndi makani chabe?"

"Mukhoza kutero."

Anapukusa mutu. "Ukalamba wakupezani msanga, a polisi."

Zimene ananena zokhudza anthu a pamzere zinali zoona, ndipo sindinafune kuti chipinda chitsekedwe chifukwa cha ine. Koma kuchotsa chotchingira ndi manja anga, n'kumakhala pakhomo kulandira anthu ndikumwetulira, ndikudziwa amene ndawalowetsa kumbuyo kwawo, zimenezo sindikanatha. Lachisanu ndinadikira Esinati panjira ya kusukulu. Ndinati, "Madamu, kuyambira Lolemba makompyuta aja asintha. Musabwereko kaye. Mukakhala ndi funso lililonse, la mtundu uliwonse, kwathu mukukudziwa." Anandiyang'ana, nanenso ndinamuyang'ana. Anati, "Ndamva, amayi." Sitinatchule kanthu. Lolemba m'mawa ndinapereka makiyi kwa a Kamwendo. Anandichonderera, kenako anakwiya, kenako anandiperekeza mpaka pa siteji atanyamula chikwama changa. Anthu anamva kuti mayi Nangozo asiya ntchito chifukwa chodana ndi zithunzi za sopo, ndipo inunso munamva zomwezo. Dominiko, unandiimbira foni n'kundikalipira kuti ndataya penshoni yokwanira chifukwa cha zinthu zosaoneka. Sindinakuyankhe, chifukwa nthawi imeneyo mwana wa Esinati anali asanabadwe.

Chipinda chija chikugwirabe ntchito, ndamva, ndipo anthu akuthandizika. Ine sindinalowemonso. Esinati ankabwera kuno Loweruka lililonse ndi mafunso ake, tikusenda mbatatesi. Anasamutsidwira ku boma lina zaka zapitazo. Nkhaniyi ndamupempha kaye ndisanalembe, wavomera. Kuli kamtsikana kumeneko kamene kamanditcha agogo.

Lero, kumtunda kwa Kasina

Tsopano ndili ndekha m'nyumba ino, pamwamba pa dimba la bambo anu. Foni imene munandigulira ndinapita nayo kwa a Chimutu tisanaitsegule n'komwe, tinatseka zonse zotsekeka. Mwezi watha Dominiko anabwera ndi nzeru yakuti aikemo pulogalamu yoti azindiona pamene ndili, kuti ndikagwa adziwe ali ku Lilongwe. Ndinamufunsa kuti wina amene aziona ndi ndani. Anati palibe. Ndinamufunsa ngati anakaonako kumene zimapitako. Anakhumudwa, ananyamuka osamaliza tiyi.

Mwana wanga, sindinakukane iwe. Ndikudziwa zimene ndasankha. Mawondo anga si aja akale, njira ya kudimba imaterera mvula ikagwa, ndipo chifunga chikatsika kuno munthu saona nyumba ya mnzake. Ndikagwa kuseri kwa khola palibe foni ya munthu imene idzalire. Usiku wina ndimaganiza zimenezi, ndipo ndimaopa, sindinama.

Choncho ndikupempha inu ana anga, adzukulu, ndi aliyense amene adzawerenge izi ali pafupi: muzidutsa kuno. Simukusowa chifukwa, simukusowa kunyamula shuga. Mukagogoda ndisuzumira kaye pa katani, ndifunsa kuti ndinu ndani ngakhale ndakuonani, musakhumudwe, ndi mmene ndilili. Koma mukapeza dzuwa lakwera, nkhuku zikadali m'khola, chitseko chotseka, musataye nthawi n'kuimba foni kapena kufunsa kiyi kwa aneba. Sindinasiye kiyi kwa munthu aliyense. Chitsekocho ndi cha paini, kankhani ndi phewa.